Tsiku limene apongozi ananditcha chitsiru

Sekani ndithu, koma nzeru ija inali yabwino, ndipo mpaka lero sindinagonje.

Ndinali ndi kapikapu ka otomatiki kamene ndinagula kwa mzungu wina wa ku esiteti ya nzimbe. Kagalimoto kabwino, koma ndi dzuwa lathu la kuchigwa kuno oyilo wa m'giyabokosi ankatentha ngati mafuta okazingira mlamba, tikangoyamba chitunda cha ku Blantyre basi kafooka. Ndiye ndinatola karediyeta pa zitsulo zotayidwa kuti oyiloyo azidutsamo n'kumazizira.

A Fombe, makaniko wa pa Ngabu, anandilangiza kuti, "Kaikeni kutsogolo, mapaipi mumange ndi zomangira zachitsulo."

"Nkhabe!" ndinakana ine. "Mphepo ili pamwamba."

Ndinakakhomera padenga, mapaipi n'kumanga ndi malegeni. Kodi si malegeni omwewa amagwira thumba la thonje panjinga kuchokera ku Marka mpaka pa boma? Angalephere kapaipi?

M'mawa mwake atulukira a tcheyamani a chipani, akuti galimoto yanga itenge amayi okavina kumsonkhano ku Chikwawa. Masiku amenewo ukanakanira ndani? Amayi anakwera kumbuyo atavala nsalu zachipani zatsopano, za nkhope ya mtsogoleri wa dziko zija, wotsogolera nyimbo ali apongozi anga enieni.

Tinayenda bwino, ine chigongono pawindo, kudzitama mumtima. Titangodutsa Nchalo nyimbo inaduka, ndinangomva, "Mayo ine! Mvula yotentha!" Malegeni afewa ndi dzuwa, paipi yavuka, oyilo akuwaza amayi onse. Ndipo oyilo sasankha pogwera, abale anga. Nkhope zonse zapansalu zija bii!

Ndinatsika ndikudziwa kuti zanga zada, pakuti anthu ankasowa pa zifukwa zochepa kuposa izi. A tcheyamani, amene anakhala nane kutsogolo, anatsikanso.

"Bambo, mwachita dala eti?"

Apo apongozi, amene chikwatire changa tinali tisanayang'anizanepo m'maso, anadzipukuta kumaso nati, "Dala? Ameneyu alibe nzeru zochitira dala, a tcheyamani. N'chitsiru chabe. Ndikumudziwa ine, anakwatira mwana wanga."

Sindinavomerepo mawu mwachangu ngati tsiku limenelo. Chilango changa chinali kuchapa nsalu zonse kumtsinje, bambo wandevu, amayi atakhala pamchenga kumandiloza pamene pasanayere.

Malegeni sindidzamangiranso paipi, ndalumbira. Koma a Fombe asadzitame, ine ndinalonjeza kuti giyabokosi ija sidzatenthanso, ndipo sinatenthenso. Inafera pomwepo pa Nchalo, yozizira bwinobwino.