Nyumba Yanga Yosalowa Mphepo

Mpaka lero ku Kanyama kuli anthu amene amanditchula kuti ba Firiji, ndipo ena mwa iwo anali asanabadwe n'komwe pamene zinthuzo zinkachitika. Zimandipsetsa mtima. Munthu unagwira ntchito yaluso ndi manja ako, koma anthu amangokumbukira tsiku limodzi limene zinthu zinalowera kwina. Ndiye lekani ndifotokoze ndekha, chifukwa mkazi wanga, amake Esinati, akamafotokoza amaikamo ndi zawo zomwe.

Ine ndinkagwira ntchito pa kampani ina ya boma yosunga nyama m'zipinda zozizira. Ntchito yanga inali yoona kuti kuzizira kusathawe: kumata mphira m'zitseko, kutseka ming'alu, kuika kailaiti m'makoma (kailaiti ndi zoyera zopepuka zija zimene amakutira nazo wailesi yatsopano m'katoni). Itafika nthawi yogulitsa makampani a boma, anatiitana n'kutiuza kuti zikomo kwambiri, kapumeni. Ndinabwerera kunyumba ndi ovolosi yanga ndi nzeru zanga, zonse ziwiri zopanda kozigwiritsa ntchito.

Munthu ukamakhala pakhomo tsiku lonse umayamba kuona zinthu. Mwezi wa Meyi uli kumapeto ndinaona kuti nyumba yathu inali ngati dengu. Mphepo inkalowera pansi pa chitseko, m'mphepete mwa mawindo, pakati pa malata ndi khoma, makamaka pa maventi, mabowo aja amene omanga amasiya pamwamba pa windo. Tikafunditsa nyumba ndi mbaula n'kuitulutsa panja, kutentha nako kunkatuluka limodzi ndi mbaulayo. Chonsecho malasha ankangokwera mtengo. Ndinati ayi, ine munthu amene ndinkatsekera kuzizira m'chipinda, ndingalephere kutsekera kutentha?

Ndinayamba ndi maventi. Ndinawatseka ndi mapepala a matumba a simenti, pamwamba n'kupaka pulasitala. Amake Esinati anaima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Imwe, nyumba ifunika kupuma. Bamene banaika maventi sibanali ofuntha."

Ndinawauza kuti ku kampani kunalibe venti ngakhale limodzi, koma nyama inkakhala bwinobwino miyezi ndi miyezi.

"Manje ise ndise nyama?"

Ndinapitiriza kupaka pulasitala wanga. Mafunso ena amafunsidwa kuti angokukhumudwitsa.

Kenako ndinatseka mipata ya pansi pa malata ndi matope osakaniza ndi simenti. Mawindo ndinawakhomerera ndi misomali, m'mphepete mwake n'kumata pulasitiki. Pachitseko ndinadula machubu akale a matayala a minibasi, n'kuwamata ndi guluu kuzungulira felemu yonse, moti ukatseka chinkalira kuti fuu, ngati chitseko cha ku kampani. Mtima wanga unkachita kuti myaa ndikamva kulira kumeneko.

Chinatsala ndi siling'i. Kutentha kumathawira kumwamba, aliyense amadziwa. Matabwa a siling'i sindikanawakwanitsa, koma masiku amenewo nsomba zakunja zinali zitayamba kubwera m'mabokosi a kailaiti, ndipo amayi ogulitsa nsomba ku msika wa Soweto ankangowataya. Ndinawatuta pawilibala, ndinawatsuka ndi sopo (ndikubwereza, ndinawatsuka), ndinawadula bwinobwino n'kuwamata pansi pa malata.

Tsono mumve mbali imene anthu a ku Kanyama safuna kuikumbukira. Juni yense ndi Julaye yense m'nyumba mwathu munali mofunda. Mbaula sinalowenso m'nyumba, ndipo thumba la malasha linkakhala mpaka kuliiwala. Anthu oyandikana nafe ankabwera ndi nkhani zopanda mutu, cholinga angokhala pampando wanga n'kuvula juzi. Mu Ogasiti fumbi lija limene limalowa mpaka m'mano linkathera panja. Palibe ananditchula Firiji nthawi imeneyo. Ndinali ba Injiniya.

N'zoona kuti makoma anayamba kutuluka thukuta, ndipo nsapato zanga zakutchalitchi zinamera nkhungu pansi pa bedi. N'zoonanso kuti kutangoyamba kutentha, amake Esinati ankasiya chitseko chili pululu kuyambira m'mawa, atachitchinga ndi mwala. Ine ndinkati ndi mwano chabe.

Mu Okutobala, Esinati, mwana wathu woyamba, anatiuza kuti kwa Lakisoni akubwera kudzamufunsira. Lakisoni anali mnyamata waulemu, woyendetsa minibasi ya ku Chawama, wosamwa. M'nthawi imene amuna theka la komboni anali pakhomo ngati ine, mkamwini wodzuka m'mawa n'kupita kuntchito sanali wosewera naye. Esinati anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti alendowo tikawalandirire kwa akulu anga, ba Yohane, kukomboni ya George. Ndinakana. Mwana wanga afunsiridwe kunyumba ya wina, ine ndili ndi nyumba ya siling'i? Tsiku loti mawa abwera ndinapakanso penti chitseko ndi felemu yake, kuti aone kuti akulowa pa anthu.

Anafika dzuwa lili paliwombo. Anali ba Zulu, nkhoswe ya Lakisoni, atavala suti yakuda ya ku salaula, kumsika wa zovala zakale, ndi azakhali ake a Lakisoni, mayi wathupi ndithu. Mbali yathu tinali ba Yohane ndi ine. Amake Esinati ndi mwana anali kuseri kwa nyumba, akuphika. Nkhani zotere sizikambidwa chitseko chili chotsegula, pakomboni makutu ndi ambiri. Ndinachotsa mwala uja, n'kukankha chitseko ndi phewa monga tinkachitira ku kampani. Fuu.

Ba Yohane anali atandiuziratu dongosolo lake. Anati anthu odzafunsira suwayankha msanga, umawasiya akhale kaye chete, angaganize kuti mwana wathu tatopa naye. Ndiye tinakhala chete. Malata akulira ndi dzuwa pamwamba, ife phee.

Fungo linayamba pang'onopang'ono. Ndinayang'ana nsapato za ba Zulu. Ba Zulu anayang'ana ba Yohane. Azakhali anayang'ana pansi pa mpando, kenako anayamba kudzikupiza ndi nsonga ya chitenje. Ine ndinakwiya mumtima, ndinati anthu awa akubwera kudzapempha mwana wa munthu atadzera kumsika wa nsomba? Koma palibe akanatha kunena kanthu. Mlendo sanganene kuti kwa apongozi kukununkha, mwininyumba sanganene kuti mlendo akununkha. Thukuta linkayenderera m'kolala ya ba Zulu, koma jekete sakanavula. Ba Yohane, m'malo mofupikitsa, anayamba kufunsa za mvula ya ku Katete, kwawo kwa alendowo.

Ba Zulu atangoyamba kunena kuti aona kankhuku kokongola pakhomo pano, guluu wa kudenga anagonja ndi kutentha. Chibenthu cha kailaiti chinatsika mwaulemu n'kuwakhala pamutu. Kuseri kwake, kumene sopo wanga sanafike, kunali mamba a nsomba.

Azakhali anaimirira, anati mutu ukuzungulira, akufuna mphepo. Ndinathamangira kuchitseko. Sichinatseguke. Penti yadzulo ija inali itagwirana ndi mphira ngati zinabadwira limodzi. Ndinakoka mwamphamvu, chogwirira n'kutsalira m'manja mwanga. Ba Yohane anapita pawindo, anapeza misomali. Azakhali anakhala pansi pasimenti, miyendo tambalale, akuitana dzina la Yesu. Apo m'pamene ba Zulu ulemu unawathera.

"Bakulu, ise tabwela kupempha mukazi. Sitinabwele kuikiwa mu mochale."

Anatipulumutsa ndi amake Esinati. Atamva phokoso anakwera pa diramu ndi munsi, n'kuyamba kusinja venti langa loyamba lija, pulasitala yense kugwera pa tebulo. Nkhope yawo inaonekera pabowopo, ndipo sanayang'ane alendo, anayang'ana ine. Chitseko anachithyola ndi amuna apafupi, omwe aja ankadzaotha kwa ine mu Juni, ndipo ankaseka mpaka kulephera kugwira nkhwangwa.

Alendo anapita osatsanzika bwino, nkhani isanathe, chakudya osachikhudza. Kumeneko n'kumene mtima unandipweteka. Esinati sanalire pamaso panga, anangosiya kundilankhula. Ankandiikira madzi osamba n'kuchoka. Kunamveka kuti azakhali akuuza abale awo kuti banja limene limakhomerera mawindo lili ndi zimene likubisa, ndipo mwana wawo asalowemo. Amake Esinati anayenda ulendo wa ku Chawama mpaka nsapato kutha, kukafotokoza kuti mwamuna wawo si mfiti, wangosowa chochita. (Taonani mawu amene anandiyeretsa nawo.)

A kwa Lakisoni anavomera kubweranso, koma anati nkhani ikakambidwire panja, pansi pa mtengo wa mapeyala kwa ba Yohane, ndipo ine ndikhalepo koma ndisagwire chitseko chilichonse. Ukwati unachitika. Lakisoni ndi mkamwini wabwino, ngakhale kuti mpaka lero akabwera kwathu amakhala pampando wapafupi ndi khomo.

Ine ndimanenabe kuti nzeru ija inali yabwino. Cholakwa chinali nsomba, ndi penti, ndi ba Yohane ndi mvula yawo ya ku Katete. Nyumba imafunadi pena potulukira mpweya, chabwino, ndamva, koma pakhale potseka ndi potsegula, osati chibowo cha munsi chimene amake Esinati analetsa kuti ndisadzachikhudzenso.

Ndipo bowolo lilipobe. Chaka chilichonse Juni akafika, mphepo ikayamba kuimba mluzu pamenepo, ndimaona amake Esinati akukoka mpando mwakachetechete, kukwera, n'kulitseka ndi chinsanza. Ine ndikatsokomola amati, "Kambani chabe, mumvele." Ndiye sindikamba. Koma chinsanza chimene amatsekeracho ndi ovolosi yanga ya ku kampani.