Sabata Imene Ndinasiya Anthu

Lolemba

Ndamaliza buku lachingerezi lopanda chikuto limene ndinatsala nalo popuma uphunzitsi. Mwini nkhani akuyenda maiko achilendo, pobwerako akukonda nyama kuposa anthu. Mzunguyu sananame! Kuyambira lero anthu ndawasiya. Zifukwa:

1. A Zuze, oyandikana nafe, alowa zipani zitatu mwezi uno wokha chifukwa cha nsalu.
2. Amene ankatiletsa kulowa mumsika wa Lisungwi popanda khadi la chipani, lero ndi amene akutiphunzitsa ufulu.
3. Alamu anga.

Ndasamutsira mpando kukhola. Mnzanga tsopano ndi Chete, tonde wanga. Alibe chipani.

Lachiwiri

Ndikumuwerengera Chete mutu woyamba pansi pa mtengo wa manachesi. Akumvetsera uku akubzikula. Nzeru zokhazokha! Mayi a kunyumba akuti, "Ndiye muzidyera konko, eti?" Ndayankha ndi mutu basi. Fungo lilipo, sindikana.

Lachitatu

Chete wadya masamba asanu a buku, pomwe panali mfundo penipeni. Ndamukhululukira. Akanakhala munthu akanabwereka lonse osabweza.

Masana kwamveka kulira. A Zuze atisiya, agwa m'munda wa mbatatesi. Mtima wandiwawa, sindibisa. Zaka zonsezi bawo ndimasewera ndi iwo. Koma lamulo ndaika ndekha, ndipo kumaliro kuli anthu.

Lachinayi

Akuika lero. Mayi anyamula ufa ndi nkhuni, aima pakhomo: "Mukhaladi? Maliro a pamphuno pomwepa?" Ndabisala kuseri kwa khola. Nyimbo zikumveka bwinobwino. Ndangozindikira ndikuyimba besi ndekhandekha. Chete wandigunda kumbuyo ndi nyanga. Chifukwa chake sindikuchidziwa.

Lachisanu

Abwera adzukulu, okumba manda aja, asanu, makasu paphewa. Wamkulu wawo ndi a Fulaye. Ndinawaphunzitsa Sitandade 4, masamu kunalibe. Agwada mwaulemu wonse: "Aphunzitsi, tamva kuti anthufe mwatisiya. Palibe kanthu. Koma tsiku lanu likadzafika, kapena la amayiwa, adzakumbe ndi tondeyo."

Apita osatsanzika. Mayi akulira kukhitchini, akuti ndawachititsa manyazi amoyo, ndikufunanso ndiwachititse manyazi atafa. Zimenezi m'buku mulibe! Kapena zinali m'masamba amene anadyedwa aja.

Loweruka

Ndaiyang'anitsitsa miyendo ya Chete. Kukumba sangathe.

Ndavala jekete, ndapita kwa a Fulaye kukapepesa. Chindapusa ndi mbuzi imodzi. Ndati nkhuku ziwiri. Ayi. Ndawonjezera thumba la mbatatesi. Ayi. Ndakumbutsa kuti masiku ano kuli ufulu wosankha. Akuti, "Eya, aphunzitsi, ifenso tasankha. Tikufuna mnzanu uja."

Mbuzi ina ndilibe. Ndamupatsa Chete masamba otsala a buku, adye akhute.

Lamulungu

Tikuweruka kutchalitchi, ndamukoka ndekha ndi chingwe mpaka kusiwa, mudzi wonse ukuonerera. Alamu anga akuseka kuposa onse. Ndagwada pamaso pa akazi a malemu. Iwo akuti, "Bawo lija mudzalitenge ndinu. Ankati mumabera, koma wina wosewera naye analibe." Ndalira ngati mwana, pagulu, jekete lili m'thupi.

Adzukulu achita zawo kuseri. Monga mwini mbuzi andipatsa chiwindi. Ndati sindidya. Ndadya. Kukoma kwake, Mulungu andikhululukire!

Mpando wabwerera pakhonde. Mayi ayambanso kundiyankhula. Anthu ndi oipabe, pamenepo sindisintha. Koma mbuzi sigwira khasu.