Mmene ndinagwaditsira Kamkwapule

Sekani ndithu, inu a mafoni m'manja, amene mukuganiza kuti kusintha chithunzi kunayamba ndi zala zanu zosalalazo. Amene akuti Lazaro Daka ndi wabodza aimirire ndimuone nkhope. Zimene mukuchitazi ine ndinazichita kale muno m'Chipata, zaka za m'ma nayinte zikupita kumapeto, pamene anthu ankati akaona kompyuta amayamba asamba m'manja, ndipo zanga sizinkathera papepala ngati zanuzi ayi. Ndikulumbira pali manda a atate.

Ndinali ndi kasitudiyo kojambula zithunzi pafupi ndi msika wa Kapata. Khomo loyandikana nalo linali la alamu anga a Sakala, nawonso ojambula, munthu wa pakamwa ponyoza. Kompyuta ndinaigula kwa mmwenye wina amene ankasamuka, pamodzi ndi sikana, chija chimameza chithunzi cha papepala n'kuchilavulira pagalasi. Chinali chikompyuta! Tinachinyamulira pa ngolo, ng'ombe zinafika zikulira misozi, ndipo tsiku loyamba kuchiyatsa chinakoka magetsi onse kuyambira ku Katete mpaka kutsidya kwa malire ku Mchinji, atatha magetsiwo chinayamba kukoka dzuwa, kunja kunachita chizirezire masana, nkhuku zinalowa m'khola, ana asukulu anaweruka okha osamva belu. Mukumva? Kachipangizo koyendetsera kaja amakatcha mbewa, ine ndinkakathamangitsa mpaka kankalira tswii, amphaka a mumsika ankagona pakhomo panga kudikira, ndipo alamu angawo tsiku lina ndinawagwira atakathira kale mchere.

Tinali ndi kamasewera kathu tikatseka ntchito. Kunjira ya ku Chipangali kuli famu yakale ya fodya, nyumba zake zinagumuka, koma m'tchire mwatsala chiboliboli cha mwala cha mzungu mwini famuyo, chimene dona wake anaimika iye atamwalira. Chipewa kumutu, dzanja limodzi m'chiuno, lina likuloza pansi. Antchito ankamutcha Kamkwapule. Aliyense wa ife anachijambula, n'kupikisana kuti ndani angachisinthe moseketsa kwambiri. A Sakala ankagwiritsa sizasi ndi guluu, kuchiveka duku, kuchibereketsa mwana kumbuyo, anthu n'kumagwa ndi phwete. Kenako anati, "Alamu, chimakina chanucho n'chotenthetsera manja m'mwezi wa Juni basi. Chitani choposa changachi tione."

Iwo ankaona ngati masewera. Ine ayi. Atate anga anagwira ntchito pa famu imeneyo ali mnyamata, ndipo msana wawo ine ndinaudziwa ndi manja angawa powasambitsa atakalamba: mizere, mizere, ngati munda wa mtedza. Mlandu wake unali wogwetsa masamba a fodya m'matope. Kamkwapule anawagoneka chafufumimba n'kuwakwapula pamaso pa amayi, ali akwati atsopano. Moyo wawo wonse sanakweze mawu kwa munthu aliyense, ngakhale kwa galu.

Ndinayamba ndi chipewa. Ndinachifufuta pagalasi pang'onopang'ono mpaka mutu unatsala pamtunda. M'mawa mwake amayi opita kokapalira thonje anafika mtauni ali wefuwefu kuti chiboliboli chavula chipewa, chipewacho chili pansi, ndipo amuna amene anayesa kuchitukula anamasuka misana. A Sakala anati ndi mphepo. Mphepo! Ndinaika khasu m'dzanja lolozalo. Kutacha anapeza munda wa mayi wina wamasiye wapaliridwa wonse mpaka kumalire, khasu lili lotentha, thukuta likuchucha pa mwalawo, likuyenderera, lapanga kamtsinje, ndipo kamtsinjeko mpaka lero anthu akulimamo repu ndi tomato, koma tomato wake safuna mchere pophika. Mukumva? Mzungu amene sanagwirepo khasu ali moyo anapalira atafa, osalandira ngakhale chikho cha thobwa.

Koma chimene ndinkafuna ine chinali maondo.

Maondo a mwala, abale anga, si a munthu. Ndinagwira bondo lamanja ndi mbewa, kukoka, likukana, kukoka, likukana, mbewa inatentha mpaka kufuka utsi, ndinaiviika m'madzi, madziwo anawira alamu n'kupangira tiyi, ndinapondera phazi kukhoma, khoma linasuntha n'kulowa m'situdiyo ya a Sakala, ndinakokabe, mpaka ndinamva kuti gwaa! Phokoso lakelo linamveka ku Mtenguleni, madoda anatuluka ndi zishango poyesa kuti mwambo wa Angoni wa Ncwala wayamba asanawauze, mbalame zonse za m'phiri la Kanjala zinauluka chagada, ndipo mayi wina woyembekezera ku Chiparamba anachira mapasa asanamalize kuyetsemula. Lachiwiri silinavute, linangotsatira linzake ngati lamanyazi. Ndinapinda khosi. Ndinasonkhanitsa manja awiri aja pachifuwa, monga amachitira munthu wopepesa kwa apongozi. Anthu amene anathamangira ku famu anakapeza Kamkwapule ali chogwada m'fumbi, maondo atalowa m'nthaka, mbuzi ikumunyambita khutu.

Ndinasindikiza chithunzicho papepala lonyezimira, lalikulu, ndinachikulunga m'nsalu, n'kupalasa njinga kupita kumudzi ku Chiparamba. Njinga ija sinkagunda pansi. Mtima wanga unkaimba. Ndinkati lero mdala aseka mpaka chibwano chiwawe, lero aona chimene anachiyembekezera moyo wonse.

Ndinawapeza atakhala pa mpando wawo wandalema pansi pa mtengo wa mango, atavala chipewa chawo chakutha chija. Ndinagwada, ndinawapatsa moni, n'kufunyulula nsalu.

"Atate, taonani chimene ndakubweretserani."

Maso awo anali atayamba kuchita ng'ala, choncho anachiyandikiza kumphuno. Anayang'ana nthawi yaitali.  Ndinati kuseka kukubwera. Koma anakweza dzanja n'kuvula chipewa. Kenako anatsetsereka pa mpando paja, mafupa akulira, n'kugwada pansi, munthu wokalamba amene ngakhale kutchalitchi wansembe anali atamuuza kuti azingokhala. Chithunzi anachikweza m'mwamba kuti mutu wawo ukhale m'munsi mwa mutu wa mzunguyo.

"Lazaro, wachita chiyani?" anatero monong'ona. "Kamudzutse. Kamudzutse msanga akapitawo asanaone, angatichotse ntchito tonse."

"Atate, munthuyu anafa kalekale. Famu kulibe. Akapitawo kulibe. Dziko ndi lathu."

"Iwe sukumudziwa," anatero. "Kamudzutse."

Ndinayesa kuwakweza, anakana. Amayi anatuluka m'nyumba, anaona chithunzicho, anandiyang'ana ine ngati ndabwera ndi njoka m'thumba. Mdala anakana kudya, anakana kumwa, anakana kubwerera pa mpando mpaka nditalonjeza. Chithunzicho anachitenga amayi, anachiika pamoto n'kuchitembenuza ndi kamtengo kuti chipse bwino.

Njinga imene inauluka popita ndinabwerera nayo ndikuikankha.

Ndinayatsa chimakina chija. Ndinawongola khosi, ndinalekanitsa manja, ndinachotsa khasu, ndinatola chipewa n'kumuveka, ndinachita kuchikhazika bwino kuti dzuwa lisamuwotche. Ndipo mukudziwa chimene chimandiwawa mpaka lero? Maondo amene anandivuta mpaka kusuntha khoma, powawongola sanalimbe konse. Ndinangokhudza, iye nyamu, ngati ankadikira. Ine mwana wa munthu amene anamukwapula, ndi dzanja langali, ndinamusasa ngakhale fumbi la pa buluku.

Atate anamwalira dzinja lomwelo. Asanatseke maso anandifunsa ngati bwana sanakwiye. Ndinawauza kuti sanakwiye. Anati zikomo.

A Sakala anayenda mumsika wonse kulengeza kuti mpikisano apambana ndi iwo, poti duku lawo lilipo pa chithunzi, aliyense angalione, pamene za Lazaro n'zapakamwa. Amene anaona ndi maso awo mwala uli chogwada anayamba kunena kuti mwina unali mthunzi, mwina anali ataledzera. Mayi wamasiye uja anati munda anamupalirira ndi a mpingo. Kompyutayo sindinaiyatsenso, makoswe anaberekeramo.

Tsopano inu mukuti umboni uli kuti. Kwerani minibasi ya ku Chipangali, mukatsike pa famu yakale, mulowe m'tchiremo. Mukamupeza ali chiimire, chipewa kumutu, dzanja m'chiuno, chala chikuloza pansi, alibe ngakhale kamng'alu pabondo. Mukamuyang'anitsitse bwino. Ndani winanso muno m'Chipata akanatha kumuimika mowongoka chotero, osasiya chizindikiro? Ndi ntchito yanga imeneyo. Ndinaigwira bwino kwambiri, ndipo ndikanakonda dzanja ili likanauma ndisanaiyambe.