Mutu Wanga Unatsala pa Mpeni Wodulira Mapepala

Mukadzaona magazini ya makwaya a kuno ku Ntcheu ili ndi chithunzi cha mayi wopanda mutu pa tsamba la zamkatimu, chonde ingotsekani. Mayiyo ndikumudziwa, ndipo nkhani yake si yabwino.

Ine ndimaimba kwaya ku Lizulu, komanso ndimagwira ntchito pa kasitolo kotaipa ndi kusindikiza pa boma. Kwa zaka zambiri wotsogolera nyimbo m'kwaya yathu ndinali ine. Kenako mchimwene wanga anakatenga mkazi ku Bwanje, dzina lake Elufe. Tsiku loyamba kubwera kokonzekera nyimbo, alamu angawo anangotsekula pakamwa kamodzi, amayi onse n'kutembenuka. Pofika mwezi wachitatu ine ndinali mumzere wachiwiri, kumavomereza. (Ndinkamwetulira ndithu, koma mumtima munali moto.)

Ndiye makwaya a m'boma lathu anagwirizana zotulutsa magazini ya nyimbo. Mkonzi anali a Chimbalanga, mphunzitsi wopuma, ndipo ntchito yoyala masamba pa kompyuta anapatsa ine. Anandifotokozera mmene tsamba la zamkatimu limakhalira: mitu ya nkhani imandandalikidwa mbali imodzi, uliwonse ndi nambala ya tsamba lake, ndipo nkhani yaikulu imapatsidwa chithunzi chachikulu, nambala yake n'kulembedwa pachithunzi pomwepo kuti wowerenga athamangire kumeneko.

"Nanga nkhani yaikulu ndi iti?" ndinafunsa.

"Ya alamu anu, mayi. Tsamba 6. Chithunzi ndi ichi."

Kalanga ine! Elufe atavala yunifolomu yathu ya bulauzi yoyera ndi chitenje chobiriwira, akuseka ngati Lizulu yense ndi wake. Ine ndinali pa tsamba 19, m'chithunzi cha gulu, nkhope yanga yaing'ono ngati nyemba.

Poyamba ndinachita zonse molongosoka, a Chimbalanga anaona n'kuvomereza. Atangotuluka, ndinachiyang'ananso chithunzicho, ndinati ayi, chakula mopitirira. Ndinachichepetsa pang'ono. Ndinapita kukadya chiwaya, pobwera ndinachichepetsanso n'kuchitsitsira pakona. Pamwamba panatsala malo, ndipo tsamba silikhala ndi dzenje (ndinadziuza choncho, ngati katswiri). Mufoni mwanga munali chithunzi changa cha pa ukwati wina, nditavala yunifolomu yomweyo. Ndinachiika pamenepo kuti ndingoona. Abale, chinakhala bwino! Ndinachikuza. Ndinachikuzanso mpaka mutu unakagunda m'mphepete mwenimweni mwa pepala. Apa kachithunzi ka Elufe kanayamba kuoneka ngati kakuthinitsa tsamba, ndiye ndinakafufutiratu.

Zinthu ziwiri sindinaziganizire. Nambala 6 ija inatsala pachithunzi, pamodzi ndi mawu apansi akuti "Liwu latsopano la ku Lizulu". Chinanso, a Kamwendo amene amasindikiza ndi kudula mapepala pasitolo pathu amandiuza pafupifupi sabata iliyonse kuti, "Achemwali, muzisiya mpata m'mphepetemu, mpeni umadya." Ulendo uno mapepala anabwera osalingana, moti anadula mozama kuposa masiku onse. Ine n'kuti nditapita kumaliro ku Tsangano, ndipo anangomanga mitokoma n'kutumiza.

Magazini inatsegulidwa Loweruka pa chikondwerero cha makwaya ku Lizulu. Ndinafika nditadzola bwinobwino, ndikuyembekezera kuti anthu azindiloza. Ndinapeza amayi a kwaya ataunjikana, onse atatsekula tsamba lomwelo, koma palibe amene akuseka. Nanenso ndinasuzumira. Chithunzi chinayambira pakhosi. Bulauzi, chitenje, manja, nambala 6, basi.

"Mwana wa eni ake kumudula mutu chonchi?" anatero mayi wina woimba alito. "Nsanje yake yotani imeneyi?"

Maso onse anali pa ine. A Chimbalanga anavula magalasi n'kuvalanso. "Mayi, ichi si chimene ndinavomereza ine. Mwawatani alamu anu?"

Tangoganizani pamene ndinaima. Ndikakhala chete, ndine mfiti yodula mutu wa mkazi wa mchimwene wake. Ndikalankhula, ndiye kuti ndanena ndekha pamaso pa makwaya onse kuti thupi lopanda mutulo ndi langa, ndinadziika ndekha pa malo a mnzanga. Mchimwene wanga anali ataima poteropo, akundiyang'anitsitsa. Ndinkadziwa kuti zikatha apa, kunyumba kwake sindidzapondakonso.

Elufe anatenga magaziniyo n'kuiyang'anitsitsa. Ndinaona maso ake akuima padzanja la m'chithunzicho, pomwe panali wotchi yofiira. Kenako anayang'ana dzanja langa. Wotchi yomweyo ndinali nditavala tsikulo (uchitsiru suyenda wokha), ndipo ndinaibisa kumbuyo mochedwa.

Anasendera pafupi n'kundinong'oneza, "Alamu, vulani wotchiyo muike m'chikwama."

Kenako anatembenukira kwa anthu n'kuseka. "Amayi inu, musiyeni mlamu wanga. Ndi mpeni wa makina uwu. Komanso andithandiza, tsiku limenelo tsitsi langa silinali bwino!"

Anthu anaseka, nkhani n'kuzizira pomwepo. Ena mpaka anayamba kumupempha kuti asaine pakhosi pa chithunzicho. Anasaina, abale. Anasaina pa bulauzi yanga, dzina lake lonse, magazini pafupifupi makumi atatu, ine ndikuonerera.

A Chimbalanga sanapusitsike. Lolemba anabwera kusitolo, n'kukhala pambali panga mpaka nditabwezeretsa tsambalo mmene linalili, ndipo kuyambira pamenepo satuluka m'chipinda ndisanatseke kompyuta. A Kamwendo akandiona amangogwira khosi lawo n'kuyamba kutsokomola.

Ndinapita kwa Elufe ndi dengu la mbatata ya kachewere kukapepesa. Anandilandira bwino, anandiphikira tiyi, ndipo mpaka lero sanaulule chilichonse kwa mchimwene wanga. Mungaganize kuti nsanje inathera pomwepo, ndipo nanenso ndinkayembekezera choncho. Koma pobwerera, ndili m'minibasi, ndinangozindikira ndikung'ung'udza ndekha. Kuimba amandiposa, chabwino, ndavomera. Tsopano ndi mtima wabwino womwe andiposenso?