Kamakina Kolankhula M'khwapa

Pulani inabadwira kuseri kwa bala, mabotolo atayamba kuchuluka patebulo. Mwini wake anali Mapulani, mkulu wa kagulu ka mbava zitatu, amene nzeru zake zonse zinkathera kupolisi.

"Amwene, ku laibulale kuli chuma," anatero. "Pakona ya mabuku a zaumoyo amasungapo timakina toyezera kuthamanga kwa magazi. Tikatenge kamodzi, tikakhale pamsika, wodutsa aliyense tizimuyeza. Mawa lomweli ndife madokotala."

"Nanga alonda?" anafunsa Tulo, diso limodzi litatseka kale.

"Mayi mmodzi wa magalasi basi. Ndiponso kumeneko saloleza phokoso. Ngakhale atione, akuwa bwanji?"

Jekete anaseka nawo, koma mtima sunali m'malo. Dzinalo analitengera ku chijekete chimene sankavula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Mkazi wake anali atamuuza, maso ali gwa, kuti akangomangidwanso adzapeza nyumba yokhayokha. Mayi ameneyo sankabwereza mawu. Jekete ankamukonda zedi, kungoti mowa wogula Mapulani ankaukondanso.

Mawa lake masana analowa, nsapato zikulira pasimenti. Mayi wa magalasi anawalandira ndi nsangala, ataona kuti maso awo ali pa timakina tija.

"Timakinato timabwereketsa ulere, abambo. Mungonena dzina lanu, mupite nako kunyumba."

Mapulani anakokera anzake kuseri kwa shelefu. "Mwaumva msamphawo? Wofunsa dzina ndi wapolisi. Ife sitibwereka, aise, tili ndi ntchito yathu."

Anagawana zochita. Tulo anapatsidwa kulondera pakhomo, ndipo pakhomopo panali mpando wofewa, ndiye zotsatira mukuzidziwa kale. Mapulani anati asokoneza mayi uja ndi mafunso. Anatola buku la matenda kuti aoneke wophunzira, koma atangowerenga tsamba limodzi anayamba kudzigwiragwira. Kutopa anali nako. Ludzu anali nalo. Kuiwalaiwala nakonso, poti pamenepo n'kuti ataiwala chimene anabwerera.

"Mayi," anafunsa Mapulani, "munthu wa zizindikiro izi amachira?"

Jekete anatsala yekha. Anasankha kamakina konyezimira kuposa tonse, osadziwa kuti n'kolankhula, kopangidwira anthu osaona bwino. Matumba a jekete anali obooka, choncho anamanga lamba wa kamakinako pamkono, kabokosi n'kukapana m'khwapa, jekete pamwamba. Anadziyamikira yekha kuti mutu ulipo.

Njira yotulukira inkadutsa pachipinda chimene odwala matenda a kuthamanga kwa magazi amakumanamo kuti azilimbikitsana. Chitseko chinali chotsegula, ndipo anamva mawu amene akanawazindikira ngakhale ali m'tulo.

"Mchere ndinasiya, zamafuta ndinasiya, koma magazi sakutsika," mkazi wake ankauza anzake. "Adokotala akuti ndichepetse nkhawa. Ndiichepetsa bwanji, poti m'mawa uliwonse imavala jekete n'kutuluka?"

Jekete sankadziwa n'komwe kuti mkazi wake akudwala. Zinamupweteka, manyazi n'kumugwira. Anafinya mapewa kuti adutse osaoneka, khwapa n'kudina batani.

Lamba uja anayamba kufufuma, mkono wa jekete n'kutupa ngati chubu cha njinga. Kenako m'khwapamo munatuluka mawu a mzimayi, odekha bwinobwino.

"Chonde khalani phee. Musalankhule."

Laibulale yonse inatembenuka. Ndipo Jekete, mbava yamanyazi, anamveradi, n'kuima phee.

"Magazi anu akuthamanga kwambiri," linatero khwapa. "Kaonaneni ndi dokotala."

Pagulu la odwala lija panali wapolisi wamimba yaikulu. Anadzuka pang'onopang'ono, poti naye anamuletsa kupupuluma, koma panalibe woti amuthamangitse. Mapulani anangopempha kuti amalize kaye tsamba. Koma Tulo, wapolisiyo anachita kumudzutsa kuti amumange.

"Mukanangonena dzina, abambo," anatero mayi wa magalasi akumasula lambayo.

"Mayi a kunyumba," anayamba Jekete, "ine ndimati..."

Mkazi wake sanakalipe. Anapinda mkono wa bulauzi, n'kupempha mayi wa magalasi kuti amumange lambayo.

"Makiyi mudzawapeza kwa aneba," anauza mwamuna wake.

Wapolisi akuwatulutsa atatuwo, Jekete anamva kamakina kakulira kumbuyo kwake. Anachedwetsa phazi pakhomo kuti amve.

"Magazi anu ali bwino," kanatero.