Azakhali Anga a Pakhoma la Ofesi

Usiku wathawu ndinalota zinthu zoti sindingazimeze ndekha, ndiye Lonjezo ndi Zione ikani makapu pansi mumve. Zoseka musunge, museka ndikamaliza.

Ndiyambe ndaulula kanthu. Mayi uja tinamata pakhoma, wosenza ndowa ku mjigo, amene tinamutcha Mayi Tadala wodwala shuga, amene timamuloza tikamakangana za pulogalamu yathu ya pafoni yokumbutsa odwala tsiku lokatenga mankhwala, si munthu wongopeka ayi. Ndi azakhali anga aNangozo a ku Ntcheu, amene anandilera. Ndinawajambula zaka ziwiri zapitazo osawauza kumene chithunzicho chikupita. Mawu ali m'munsi mwake aja, akuti "Ndimakonda kuwerenga mauthenga m'mawa uliwonse," ndinawapeka ndili pampando womwe uno. Ndipo mukudziwa kuti Lachisanu abwana athu a Msosa akufuna ndisaine pepala lonena kuti pulogalamuyi tinaiyesa ndi odwala enieni, chikhalirecho tinaiyesa ndi ife atatu, ndi maso athu akuthwa ndi zala zathu zosalalazi.

Ndiye kumalotoko kunali masana, ndili muofesi muno, koma pansi ponse pali mizere ya mbatata, matebulo ali pakati pa mizere, ndipo palibe amene akudabwa. Ine ndikupalira pafupi ndi kompyuta yanga. Mwadzidzidzi ndinamva mawu kumbuyo akunditchula dzina.

"Ndaziona, nditule."

Kucheuka, ndi azakhali, ali m'chithunzi momwemo, khosi litakhota.

"Zaka ziwiri ndasenza ndowayi. Undiuzenso ngati ndingasiye kumwetulira, masaya akundiwawa."

Ndiye ndinapisa manja m'chithunzimo n'kuwatula, madzi n'kunditayikira pabulauzi. Anatsika pakhoma ali opyapyala ngati pepala, moti akatembenukira cham'mbali amasowa, ndimachita kuwafunafuna. Anayang'ana dzina lolembedwa pansi pa malo awo aja.

"Mayi Tadala ndi ndani?"

"Ndi inuyo, azakhali. Kuntchito kuno timatero. Timasankha nkhope imodzi, n'kuipatsa dzina, kuti iimire odwala onse."

"Odwala onse, ndowa imodzi?" Anapukusa mutu. "Komabe za shugazo sunaname."

Ndisanayankhe, timapepala tathu tachikasu tija timamata pagalasi tinauluka tonse ngati ngumbi, kalikonse kakunena zake. Kena kakuti wodwala amafuna zachangu. Kena kakuti wodwala amakonda mtundu wobiriwira. Azakhali anagwira kamodzi ndi zala ziwiri n'kukafunsa kuti, "Wodwala wake uti?"

"Sindikudziwa, mayi," kanatero kapepalako. "Ine anandilembera kumsonkhano wa kuhotela, anthu atakhuta."

Ndiye chitseko chinatseguka, a Msosa n'kulowa ndi jekete yawo ija. Tayi yawo yofiira inayamba kukwera, kukwera, mpaka inakalendewera pamphuno, ndipo mwadzidzidzi anali nkhukundembo, atatambasula chipsepse chonse, nthenga iliyonse ili ndi tsamba limodzi la pulogalamu yathu. Pambuyo pawo pamabwera mkulu wa bungwe lotithandiza uja, pang'onopang'ono, mwendo umodzi m'mwamba, chifukwa anali atasanduka bilimankhwe. Diso lina linali kwa ife, lina pawotchi.

"Lachisanu, Lachisanu, Lachisanu," inatero nkhukundembo ikugwedeza khosi. "Wodwala ndi uyu wabwera yekha. Tiyese pompano."

Ndiye sitinalinso muofesi. Tinali pakhonde la chipatala china chakumudzi, azakhali atakhala pabenchi, foni ili m'manja, mbuzi yovala yunifolomu ikutafuna mafomu pambali pawo mwaulemu. Lamulo lathu poyesa mukulidziwa, ndimaliphunzitsa ndine ndemwe: wokonza pulogalamu sathandiza, salozera, sakhosomola n'komwe. Amangokhala phee n'kuyang'ana pamene munthu akuvutikira, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Kapepala kamodzi kanatera pakamwa panga n'kumatirira, kuti ndisaiwale.

Azakhali anaika foni patali, n'kuibweretsa pamphuno, n'kuipendeketsa kudzuwa. Kenako kunamveka kamawu kakang'ono kotuwa.

"Ndili kuno, mayi. Kumunsi kuno, kumanja."

"Akulankhula ndani?"

"Ine, batani loti Pitirizani. Kale ndinali wamkulu, wakuda bii, ndimaoneka ngakhale muli kutsidya kwa msewu. Koma mwana wanuyu anati ndikunyasitsa tsamba, ndiye anandichepetsa n'kundipaka phulusa."

Silinaname batanilo. Ndinalichepetsadi, ndipo iwe Zione unandiyamikira kuti tsamba likupuma bwino.

Azakhali anatsatira mawuwo n'kudina ndi chala chawo chachikulu, chija chinang'aluka ndi khasu. Galasi la foni linafunsa mwamwano kuti, "Ichi ndi chala kapena chinangwa?" Anapukuta chalacho pachitenje n'kudinanso. Anachinyowetsa ndi malovu n'kudinanso. Ndiye foni inayasamula n'kunena kuti nthawi yatha, ayambirenso poyamba.

Ndimayembekezera kuti aikalipira, chifukwa azakhali anga sanyengerera munthu, anathamangitsapo wogula fodya ndi mthiko. Koma anaimirira, n'kupinda maondo pamaso pa foniyo.

"Pepani, bambo. Ndine wosaphunzira. Wolakwa ndine."

Apa ndiye mtima unandipweteka, anzanga, ndipo ukundipwetekabe. Mayi ameneyu ndi amene anandiphunzitsa kuwerenga ndi buku la nyimbo za kutchalitchi, akuyendetsa chala chomwecho pansi pa zilembo. Lero akupepesa kwa chinthu chimene ndinachipanga ine molakwika. Ndinafuna kulankhula koma kapepala kaja kanali gwa.

"Lembani kuti wodwala wasangalala," inatero nkhukundembo. Bilimankhwe anasanduka wobiriwira, kusonyeza kuti wavomereza.

Ndiye azakhali anakhalanso pansi n'kuyamba kumasula mfundo ya pakona ya chitenje chawo. Ndimaganiza kuti mutuluka makiyi. Munatuluka dzira. Kenako lina, kenako lina, mpaka benchi lonse linadzaza mazira, lililonse lili ndi dzina langa.

"Awa ndi mauthenga ako," anatero. "Chiyambire chaka chatha zilembo zinasanduka nyerere, sizikhazikika. Sindinaswe ngakhale limodzi. Foni ikalira ndimadziwa kuti uli moyo, basi ndimasunga."

Ine miyezi yonseyi ndakhala ndikunyanyala, ndikumati azakhali sandiyankha chifukwa anakwiya kuti sindipita kumudzi. Ndinafika pouza amuna anga kuti anthu akamakula amavuta. Za maso sizinandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi, ine amene ntchito yanga ndi kuganizira mmene anthu amaonera zinthu.

Mwadzidzidzi dzira limodzi linasweka, n'kutuluka kamwanapiye. Kanatsegula kamlomo n'kulankhula ndi mawu anga enieni: "Muli bwanji azakhali, ntchito yachuluka, ndidzabwera mwezi wamawa." Lachiwiri linasweka. "Muli bwanji azakhali, ntchito yachuluka, ndidzabwera mwezi wamawa." Lachitatu chimodzimodzi. Posakhalitsa khonde lonse linali anapiye okhaokha, onse akulonjeza mwezi wamawa, ena akukwera pamsana pa mbuzi ija.

Azakhali anaseka mpaka kupindika pakati, poti anali pepala.

"Kani onsewa amanena chimodzi? Ndiye sindinaluze kanthu, mwana wanga."

Ndiye pepala losaina lija linabwera likuyenda lokha ndi timiyendo tiwiri, cholembera chikulitsatira. Cholemberacho chinadzilowetsa m'dzanja langa n'kundinong'oneza kuti, "Ingosainani, mayi. Ine sindiwerenga zimene ndimalemba." Nkhukundembo inayandikira, ikukhweza mapiko pansi.

"Kadzina kamodzi basi, Ndaziona. Batanilo tidzalikonza patsogolo. Ukakana, alendowa apita kwina, ndipo mpando wakowo auyang'anitsitsa ndi ambiri."

Ndinachita mantha, ndisaname. Ntchito imeneyi ndinaifunafuna zaka zitatu. Dzanja langa linayamba kutsika lokha.

Amene anandimaliza ndi azakhali. Anandisisita paphewa ndi dzanja lawo la pepalalo.

"Saina, usachotsedwe ntchito chifukwa cha maso anga. Mankhwalawo ndizikafunsa tsiku lake kwa anzanga, ndikaiwala ndaiwala. Ine ndibwerera pakhoma paja. Ndimwetulira bwinobwino, sadziwa."

Ndiye anayamba kukonza nkhata yawo, n'kuwerama kuti asenzenso. Kumbuyo kwawo ndinaona mzere wa amayi ndi abambo achikulire, wautali mpaka kuseri kwa phiri, aliyense ali ndi foni m'manja, aliyense akupinda maondo n'kuipepesa. Ndinataya cholembera n'kugwira kapepala ka pakamwa kaja. Kumatula, pansi pake pali kena. Kumatulanso, pali kena. Ndinamatula ngati ndikusenda kabichi, nkhukundembo ikukuwa Lachisanu, bilimankhwe akusinthasintha mitundu yosadziwika, anapiye akulonjeza, mpaka mlomo unatseguka, ndipo ndinati, "Azakhali, wolakwa si inu. Tulani pansi."

"Makalaaa, makala!"

Anali wogulitsa makala uja amadutsa panjinga kuseri kwa nyumba yathu, akuliza belu lake lophwa. Kunja kunali kutayera. Amuna anga anandiyang'ana ali ndi mswachi m'kamwa n'kufunsa kuti ndani atule chiyani.

Pepala lija lili m'chikwama umu losasaina, ndipo Lachisanu lidzafika kwa a Msosa lili choncho, zivute zitani. Loweruka ndikukwera minibasi ya ku Ntcheu ndi foni yoyeserayi, ndipo amene akufuna kukaona batani lathu likuchita manyazi anditsatire.

Koma m'mawa muja, ndisanasambe n'komwe, ndinatenga foni. Chala chinathamangira polemba uthenga mwachizolowezi, ndinachibweza. Ndinaimba. Inalira nthawi yaitali.

"Ndani?"

"Ndine Ndaziona, azakhali."

"Iwe? Kwagwanji?"

"Kulibe chagwa. Ndimafuna ndifunse. Mauthenga anga aja mumatha kuwawerenga?"

Ndimamva nkhuku zawo ndi wailesi ya oyandikana nawo. Kenako anatsitsa mawu, ngati munthu amene wapezeka akubisa chilonda.

"Wakuuza ndani?"