Buku la a Zuze

Mpaka lero ndikakumana ndi a Zuze panjira, maso anga amathawira ku nsapato. Nkhani yake ndi buku limodzi basi.

Mlongo wanga atamwalira, mwana wake Tadala, wa zaka zisanu ndi zinayi, anabwera kudzakhala nane ku Meriting, kumene ndimagwira ntchito kumgodi. A ku ofesi yosamalira ana anavomera. Koma lipoti la kusukulu litaonetsa kuti kuwerenga kukumuvuta, mayi wa ku ofesiko amene amatiyendera anaimba foni kuti abwera Loweruka kudzaona ngati mwanayo akuthandizidwa pakhomo. Apo ayi, aganiza zomusamutsira kwina. Ndinachita mantha osati masewera. Mwana wa mlongo wanga akaleredwe ndi anthu ena, ine malume wake ndili moyo?

Tsono m'nyumba mwanga munalibe buku, kupatula kabuku ka malamulo a chitetezo kumgodi (kamene ine sindinakatsegulepo). Lachisanu ndinayenda khomo ndi khomo kubwereka. Ndinapeza asanu ndi awiri, lalikulu kwambiri kwa a Zuze, mkulu wa ku Tete. Ndinakhoma thabwa pakhoma n'kuwandandalika bwinobwino. Kenako ndinalangiza Tadala za kwathu: mlendo akabwera ugwade, uyang'ane pansi, za akuluakulu usalowerere.

Mayi aja atafika anaona thabwa lija n'kumwetulira. "Ndi buku liti limene mumawerenga naye?"

Ndinaloza lalikulu lija (munthu ukamanama umasankha chachikulu). Analitsegula. Linali la Chipwitikizi, la kakonzedwe ka mathirakitala.

Ndisanapeze bodza lina, odi pakhomo. A Zuze.

"Achimwene, buku lija mwathana nalo? Bedi langa lapendekeka, paja ndimachirikizira mwendo."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika kuti ndingotsikira kumgodi pompo, ngakhale linali tsiku lopuma.

Mayi aja anatembenukira kwa Tadala, amene anali chigwadire. "Mwanawe, kunyumba kuno umawerenga?" Mwana duu, maso kwa ine. Ndi malangizo anga amene anamutseka pakamwa. Ndinamugwedezera mutu.

"Ndimawawerengera amalume akaweruka," anatero, akutulutsa kabuku ka chitetezo kaja pansi pa pilo, kali kothaitha. "Koma amagona patsamba loyamba. Mawu ovuta ndimangowadumpha."

Ine masiku onsewo ndinkayesa akundiimbira nyimbo. Manyazi ake sindingawafotokoze.

Mayi aja sanaseke. Anati thabwa ndingathe kulizula, chimene mwana akusowa ndi munthu womumvera. Anamulembetsa ku gulu lowerenga la masana, kumene amabwereketsa mabuku a nthano. Ine anandipatsa ntchito imodzi: akamawerenga ndizikhala pa ndowa, osati pabedi. Tadala sanamusamutse.

Ndinganame kuti ndinasinthiratu. Pa ndowa paponso tulo timandipeza. Dzulo mutu utayamba kulemera, ndinamva kadzanja pabondo.

"Amalume, dzukani. Amayi ankamvera mpaka kumapeto."

Ndinadzuka, ndipo tinafika kumapeto.